A Gavanala Awoloke Kaye

Bambo anga anali gavanala kwa zaka zambiri, koma sanalamulirepo ngakhale nkhuku. Ndikunena izi mwachikondi, ndipo ndinkawauzanso eni akewo maso ndi maso pakhonde pathu ku Chinamwali, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Udindowu anaupeza matipate atangoyamba kumene. Chipani chomwe analowa chinkafuna munthu wochiimirira m'dera lathu, anthu n'kukweza manja kusankha iwo, mkulu yemwe kale ankagulitsa nsalu m'sitolo ina mtauni ndipo anali ndi jekete labwino. Kuyambira pamenepo dzina lawo linaiwalika. Ana, abusa, azimayi a pamjigo, onse ankangoti a Gavanala. Malipiro panalibe, ofesi panalibe, galimoto ndiye musanene. Chomwe chinalipo ndi mpando. Pamaliro, paukwati, potsegulira chimbudzi chatsopano pasukulu, anyamata ankathamangira kunyumba ina kukanyamula mpando wandalema n'kuuika kutsogolo, ndipo mwambo sunkayamba mpaka a Gavanala atakhalapo.

Chida chawo cha ntchito chinali sizasi ya amayi. Amayi anga ndi telala, makina awo akadali pakhonde pomwepo. Kukakhala kotsegulira chinthu, bambo ankazembera sizasi ija n'kuiponya m'thumba la jekete, amayi n'kutulukira ali kale pamsewu.

"Inu! Boma lanulo lilibe sizasi?" ankakuwa choncho. "Madiresi a eni akewa ndidula ndi mano?"

Bambo ankangokweza dzanja osacheuka, ngati akupatsa moni gulu la anthu.

Ine ndinakula n'kukhala mphunzitsi pasekondale ina mtauni momwemu, ndipo kusukuluko ndinkayang'anira ana a mtsutso. Pakamwa ndili napo, sindibisa. Nthawi ina pawailesi panabuka nkhani yoti chigawo chilichonse chikhale ndi bwanamkubwa wake. Ena oimba foni ankati akhale ndi mphamvu zenizeni, ena ankati akhale waulemu chabe, wolandira alendo ndi kudula riboni. Tsiku limenelo bambo anali pabawo ndi mnzawo wakalekale, Msilamu wogulitsa matemba a ku Chilwa mumsika, yemwe ine ndinkamutcha amalume ngakhale panalibe ubale. Ndinatsitsa wailesi.

"Ababa, mwamva? Akufuna achulukitse anthu ngati inu."

"Zabwino zimenezo. Dziko layamba kuganiza."

"Kuganiza chiyani? Tandiuzani chinthu chimodzi chimene inu mungalamule n'kuchitika. Msewu wokumbikawu mungaukonzetse?"

"Ayi."

"Madzi akasiya kutuluka pampopi mungawabweretse?"

"Ayi."

"Wakuba nkhuku mungamumangitse?"

"Ameneyo ndingamulangize."

"Ndiye ntchito yanu ndi chiyani?"

"Kupezekapo, a Madamu." Ankanditcha a Madamu akafuna kundiputa.

"Kupezekapo! Koma abale! Ngakhale mtengo wamango uwo umapezekapo."

Amalume anaseka mpaka njombwa za bawo zinawagwa m'manja. "Mwanayu akunena zoona, achimwene. Inu muli ngati kachipewa kangaka. Mvula sikatchinga, dzuwa sikatchinga." Anakagwiragwira pamutu, n'kundiyang'ana ine. "Koma tandivula, uone ngati ndingatuluke pakhomo."

Mtsutso umenewu tinaubwereza kwa zaka, ndipo sunkatha. Ine ndinkabwera ndi mfundo za m'mabuku: kuti udindo wopanda mphamvu umangozoloweretsa anthu kuombera m'manja, kuti nthawi imene timataya podikira mlendo wolemekezeka tikanalimira munda. Iwo ankavomera mfundo iliyonse ndi mutu, kenako n'kufunsa amayi ngati jekete lasitidwa.

Kamodzi kokha ndi pamene anandiyankha osaseka. Anali atapita wapansi kuphiri la Zomba, pamwamba penipeni, kumaliro a mwana wa mlimi wina wa mbatatesi amene palibe ankamudziwa kunsi kuno. Anabwera atanyowa ndi nkhungu, mapazi atatupa moti nsapato inakana kuvuka. Ndinawawiritsira madzi, ndikuwathowa kwinaku ndikulalata.

"Mudzafera m'njira inu! Chipanicho chinakutumani? Chikudziwa n'komwe kuti mwapita?"

Iwo anati, "Agogo ako atabwera kuchokera ku Mozambiki, mwana wawo woyamba anamwalira asanazolowerane ndi anthu. Anamuika okha, popanda woimirira kunena mawu ngakhale amodzi. Amayi anga anaona njala, anaona thangata, koma chimene ankadandaula mpaka imfa yawo ndi chimenecho. Ndiye ine ndikamva kuti kwinakwake kwafa mwana wa munthu wosadziwika, ndimavala jekete."

"Zimenezo mukhoza kuchita popanda dzina la gavanala."

"Popanda dzinalo ndine nkhalamba yobwera kudzadya. Ndi dzinalo amati akuluakulu anabwera."

"Koma inu si akuluakulu enieniwo!"

"Akudziwa. Inenso ndikudziwa."

Zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinangothira madzi ena otentha m'beseni.

Dzinalo anawalanda m'njira yoipa. M'chipani munali kukokanakokana, achinyamata anasankha munthu wawo, ndipo palibe amene anabwera kudzawauza bambo. Tinamvera pamaliro ena ku Mtiya. Woyendetsa mwambo atanena kuti tsopano timve mawu kuchokera kwa a Gavanala, bambo anagwira maondo n'kuyamba kudzuka. Ali pakatikati anaona kuti mnyamata wina wa magalasi akuda waima kale kutsogolo. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono, n'kumachita ngati amakonza buluku. Ine ndinali kumbali ya azimayi, ndinaona zonse. Ine amene ndinkafuna kuti udindowo uthe, ndinamva ngati andimenya mbama.

Tinabwerera kunyumba. Jekete analipachika kuseri kwa chitseko, sizasi ya amayi inapuma. Chaka chisanathe sitiroko inawagwira ali pabawo. Dzanja lamanja linafa, mwendo wamanja unkangokokedwa, ndipo pakamwa panapindika moti mawu ankatuluka amodziamodzi, olemera. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mwendowo ukhoza kudzuka ngati aziuyendetsa tsiku ndi tsiku, koma akaugoneka uuma, ndipo sadzayendanso.

Bambo anasankha kuugoneka. Analowa m'chipinda n'kuuza amayi kuti katani isatsegulidwe. Munthu amene ankadziwa njira iliyonse ya m'Zomba ankakana kufika ngakhale pakhonde, kuopa kuti anthu amuona akukoka mwendo ndiponso akutuluka dovu. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawagulira ndodo yokongola mtauni. Ndodoyo amayi ankaigwiritsa ntchito pothamangitsa nkhuku. Ndinayesanso kuwaputa ndi mtsutso wathu uja, kuti mwina akwiya n'kudzuka.

"Ababa, ndikuti udindo wa gavanala ulibe ntchito. Mukuti bwanji?"

"Wa...wina," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Sindinadane ndi kuwina chiyambire ngati tsiku limenelo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira. Ndinkaona mwendo uja ukuwonda sabata ndi sabata, ndipo ndinkadziwa kuti tikuwataya bambo akadali moyo.

Chilimwe chimenecho anthu a kwathu anamanga mlatho. Pakati pa dera lathu ndi njira ya kusukulu pali kamtsinje kotsika kuphiri, kofatsa m'chilimwe koma kolusa mvula ikagwa pamwambapo. Anthu anatopa n'kudikira, anapanga komiti, amalume n'kukhala wapampando. A kutchalitchi anatuta miyala, a kumzikiti anatuta mchenga, anyamata anatsitsa matabwa a paini pamutu kuchokera kuphiri. Mlatho unatha, wooneka bwino, wokhala ndi zogwirira mbali zonse. Ndiye anautseka ndi minga uku ndi uku.

Kwathu chinthu chatsopano sichigwiritsidwa ntchito chisanatsegulidwe. Pamafunika munthu wolemekezeka adule riboni, ndipo ukakhala mlatho, iyeyo ndiye amayamba kuwoloka, ena onse pambuyo pake. Vuto linali loti atsegule ndani. Akaitana wa chipani ichi, a chipani icho ankati ife miyala yathu tikachotsa. Akati abusa, a kumzikiti ankayang'ana pansi. Akati a Shehe, a kutchalitchi ankatsokomola. Wamkulu wina wandale analonjeza kubwera, tsiku n'kumasuntha. Masabata anapita, mitambo inayamba kusonkhana paphiri, ndipo ana a sukulu, ine ndemwe pamodzi nawo, tinkavula nsapato n'kuwoloka m'madzi pambali pa mlatho wothaitha.

M'mawa wina zinandikwana. Ndinakoka minga ija n'kuiponya kumbali, ndinayenda pamlathopo ndi nsapato zanga za gogoda mpaka tsidya, n'kutembenuka.

"Tiyeni! Mukuopa chiyani? Wagwa?"

Palibe anasuntha. Mayi wina amene anali ndi ndowa pamutu anandiyankha mwaulemu ndithu. "Pepani a Madamu, pamenepo mwangoponda matabwa. Mlatho sunayambe."

Pobwera kuchokera kusukulu ndinapeza minga yabwerera pamalo pake, yowonjezera.

Madzulo a tsiku lomwelo amalume anafika kwathu atavala mkanjo woyera wa Lachisanu ngakhale silinali Lachisanu. Sanadikire kuti awalowetse. Analowa m'chipinda cha bambo, n'kutsegula katani ija ngati kwawo.

"Achimwene, komiti yandituma. Mukatsegule mlatho."

Bambo anaphimba pakamwa ndi dzanja lamanzere. "Sindine... gavanala."

"N'chifukwa chake tabwera. Amene ali ndi mphamvu, akadula riboni mawa azidzati mlatho ndi wawo. Inu mudzati ndi wanu kwa ndani? Chipani mulibe, mavoti simukufuna, ngakhale nkhuku simungailamule, mwana wanuyu anatiuza kale. Dzina lanu litatchulidwa, palibe amene anatsokomola."

"Mwendo," anatero bambo. "Pakamwa."

"Taziona. Sitikufuna wothamanga."

Bambo anapukusa mutu n'kutseka maso. Amalume anadzuka, n'kukonza kachipewa kawo.

"Chabwino, ife sitikakamiza. Mlathowo udikira. Ana aziwoloka m'madzi mpaka mudzadzuke."

Ndinawatsatira panja magazi akuwira. "Amalume, mukuchita manyazi inu? Mvula ili pafupi! Mwana akakokoloka mudzati timadikira riboni?"

"Ukuganiza kuti sitikudziwa?" anandiyankha motsitsa mawu. "M'mawa uliwonse pamtsinje paja pamaima anyamata a komiti, madzi akangokwera minga tichotsa tokha. Koma zimenezi usakawauze bambo ako." Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi. "Bawo ndikusewera ndekha, mwanawe."

Sindinawauze. Mvula yoyamba inagwa patapita masiku ochepa, yaing'ono, koma kamtsinje kanasanduka kofiira. Ndinafika kunyumba siketi itanyowa mpaka m'maondo, n'kulowa m'chipinda muja ndikudontha.

"Ana," anatero bambo. "Akuwoloka... pati?"

"M'madzi, Ababa! Chifukwa cha miyambo yanu yomweyi. Anthu onse aja aima, akudikira munthu wopanda ntchito."

M'mawa mwake ndikutuluka kubafa ndinawapeza bambo ataima pakhomo la chipinda, atagwira felemu ndi dzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Ndinafuna kukuwa, amayi ananditsina pamkono. Anangotenga sizasi yawo, n'kuikulunga m'kansalu, kupita nayo kumsika kwa wonola mipeni.

Bambo anayamba ndi kufika pamakina a amayi. Kenako pamtengo wamango uja. Ankagwa, ankatukwana m'Chilomwe mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa, ankadzukanso. Ana a m'nyumba zoyandikana ankasuzumira pampanda, iwo osawathamangitsa. Ndodo ija inachoka kunkhuku n'kubwerera kwa mwini wake. Amayi anabweza jekete m'mapewa, poti munthu anali atatha, kwinaku akung'ung'udza kuti ntchito ya boma imeneyi sadzalipidwa mpaka liti.

Tsiku lotsegulira linali Loweruka m'mawa, phiri litavala nkhungu mpaka pakati. Tinawakweza bambo pakabaza, wakabazayo n'kumakankha njinga m'malo mopalasa, ine mbali iyi, amalume mbali inayo. Kumtsinje tinapeza anthu ali yakaliyakali. Mpando wandalema unali kale kutsogolo, ndipo amene anaugwira kuti bambo akhale bwino anali mnyamata wa magalasi akuda uja, magalasiwo atawaika m'thumba. Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, koma bambo anamugwira dzanja.

A Shehe anapemphera, abusa anapemphera. Kenako woyendetsa mwambo anati timve mawu kuchokera kwa a Gavanala, ndipo palibe wina amene anadzuka. Kale bambo akayamba kulankhula, azimayi ankatuma ana kukaphula ndiwo pamoto, poti ankayambira pa Adamu. Tsiku limenelo anaima, anayang'ana anthu mbali zonse.

"Zikomo," anatero. Anapuma. "Mwamanga... nokha." Anapumanso. "Tiwoloke."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amayi anamasula kansalu kaja n'kuwapatsa sizasi. Apa ndiye panali chimene tonse sitinachiganizire. Sizasi ya telala inapangidwira dzanja lamanja. Ukaigwira ndi lamanzere, mipeni yake imatayana, nsalu imangopindika pakati. Bambo anakanikiza, riboni inapindika. Anayesanso, inangotafunidwa. Nthungululu zinazima. Ndinaona khosi lawo likuuma, dovu likutsika pambali pa mlomo, ndipo ndinadziwa kuti akaiponya pansi sizasi imeneyi, abwerera kuchipinda kuja ndipo katani sidzatsegulidwanso.

Amayi anandikankha pamsana. "Pita, iwe wa mtsutso."

Ndinapita. Ndinawapukuta pamlomo ndi chala ngati ndikuchotsa kachitsotso, ndinalowetsa zala zanga zamanja m'sizasimo, iwo n'kusanjika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa langa. Linali lozizira, lopepuka. Anafinya, ine n'kumaliza. Riboni inagwa mbali ziwiri. Ine ndemwe, amene kwa zaka ndinkaphunzitsa ana a eni kuti kudula riboni n'kutaya nthawi.

Anyamata anakoka minga. Ndinawagwira m'khwapa kuti tiwolokere limodzi, koma anandigwedeza ndi phewa.

"Ndekha."

"Ababa, mugwa."

"A Gavanala awoloke kaye, a Madamu," anatero amalume kumbuyo kwanga. "Inu munaponda kale matabwa."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka mtima uli m'mwamba. Bambo anapereka ndodo kwa amayi, anagwira chogwirira cha kumanzere, n'kuponda thabwa loyamba. Mwendo wabwino kutsogolo, wina uja n'kuukoka, khwee. Mlathowo si wautali, mwana amaudutsa asanamalize kuyasamula. Iwo anatenga nthawi yoti munthu ungakazinge chimanga. Pansi madzi ofiira ankathamanga. Kumbuyo kwawo Chinamwali yense ankatsatira phazi ndi phazi, a mikanjo ndi a yunifolomu za mvano, ogulitsa makala, akabaza akukankha njinga zawo. Ana a sukulu, amene sadziwa kuyenda osathamanga, ankayenda ngati operekeza mkwatibwi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawapitirira. Pakatikati anaima, mwendo ukunjenjemera, gulu lonse linaimanso. Anapuma, n'kupitiriza.

Ataponda dothi la tsidya lija, phokoso lake sindingalifotokoze. Iwo sanakweze dzanja ngati kale, poti dzanjalo linali likugwirabe mtengo. Anangotembenuza mutu kundifunafuna m'gulumo mpaka anandipeza.

"A Madamu."

"Ababa."

"Msewu... sindinakonze."

"Ndikudziwa."

"Madzi... sindinabweretse."

"Ndikudziwa, Ababa."

"Koma... ndapezekapo."

Ndinafuna kuyankha mwanzeru monga mwa nthawi zonse, koma mtsutso ndinausiya. Ndinangowakumbatira pamaso pa ana anga a sukulu, ndikulira ngati mwana, nkhope ndaibisa m'jekete lonunkha mankhwala a njenjete. Ndinkawakonda bambo amenewa, ndipo ndinali nditawasowa koopsa.

Wakabaza anabweretsa njinga kuti awatenge, poti komiti inali itaphika mpunga kunyumba kwa amalume. Bambo anaiyang'ana njingayo, n'kupukusa mutu. Anatembenuka, anatambasula dzanja kwa amayi kuti awapatse ndodo, n'kulunjikanso pamlatho.

"Mukupita kuti inu?" anafunsa amayi.

"Kunyumba. Wapansi."

"Mpunga utha!"

"Uthe."

Amayi anamanga sizasi yawo pansonga ya chitenje n'kuyamba kuwatsatira, ine pambuyo, wakabaza pambuyo pathu akukankha njinga yopanda munthu. Tinayenda choncho pang'onopang'ono kukwera njira ya kwathu, tikuima pamene iwo aima. Titafika pakhonde sanalowe m'nyumba. Anakhala pampando woyang'ana kumsewu, akupuma mwabefu, n'kuloza pansi pa makina a amayi pamene bawo linakhala miyezi yonse ija litachita fumbi.

"Kawaitane... amalume ako," anatero.